Ola la Lachiwiri

Lachiwiri lililonse ikamakwana 3 koloko masana, Mehnaz ankakwera masitepe a nyumba ina yosanjikizana pafupi ndi msika waukulu wa ku Rajshahi, n'kukakhala pabenchi limodzi ndi anthu amene abale awo ankabwera nawo atawagwira pamkono. Pansi pa nyumbayo ankayezerapo magazi. Pamwamba panali dokotala wa matenda a maganizo, mwini chikwangwani chachikulu chimene wopalasa rikisho, njinga yonyamula anthu, aliyense mumzindamo ankachidziwa. Chitseko cha Mayi Shahana, mlangizi, chinali pambali pa chitseko cha dokotalayo, koma benchi lodikirirapo linali limodzi.

Mehnaz sankadwala. Digiri yoyamba anali nayo, mayeso a digiri yachiwiri anali atakhoza, ndipo maola oyeserera ntchito pasukulu ina ya atsikana anali atawakwanitsa. Kuti alandire chiphaso cha katswiri wa zamaganizo a ana asukulu, panatsala chinthu chimodzi. Aphunzitsi ake anali ndi lamulo lakuti munthu asanayambe kumvetsera mavuto a ana a eni, ayambe wakhala iyeyo pampando wa wodandaula maulendo makumi awiri, mlangizi n'kumasaina ulendo uliwonse. Tsikuli linali ulendo wake wa khumi ndi chinayi. Anatsala ndi maulendo asanu ndi umodzi, ndipo masabata otsala kuti apereke mapepala analinso asanu ndi limodzi. Kuphonya Lachiwiri limodzi kunali kudikira chaka chathunthu.

Atatsika masitepe sanaione njinga yamoto ya Zubayer pamalo ogulitsira tiyi, pamene inkaima sabata iliyonse. Zubayer anali mnyamata wogwira ntchito ku njanji. Anadziwana zaka ziwiri m'mbuyomo m'sitima yochokera ku Dhaka, atakanganirana mpando wa pawindo, ndipo Loweruka likubweralo amayi ake ankayembekezeka kufika kwa Mehnaz kudzaona mbeta.

Foni inanjenjemera m'chikwama. Unali uthenga wa Zubayer.

“Amayi amva za pamasitepe apo. Usandiimbire. Mawa 5 koloko kusiteshoni.”

Mehnaz anatembenuka. Kuseri kwa galasi la oyeza magazi kunali Lubna, msuweni wake wa Zubayer, amene ankalembera anthu mayina pamalopo. Kwa masabata khumi ndi anayi mtsikanayo ankangomupatsa moni waulemu. Tsiku limeneli anamukwezera dzanja n'kumwetulira mano onse.

* * *

Anakhala kumapeto kwa siteshoni, kumene sikufika anthu odziwa munthu. Zubayer anabweretsa makapu awiri a tiyi ndi kapepala ka mtedza wokazinga.

“Wadya?” anafunsa.

“Zakudyazo zisiye. Nena.”

“Amayi anatuma amalume anga a Mokbul kuti akafufuze za kwanu. Ukudziwa mmene zimakhalira. Anafunsa wa golosale, anafunsa akuluakulu a kumzikiti kwanu, mpaka wosita zovala anamufunsa. Onse akuti banja labwino, bambo ako sanayambanepo ndi munthu. Amayi anasangalala, mphete anakatenga kwa wosula. Ndiye dzana Lubna watulutsa foni.”

Anamuonetsa zithunzi zimene Lubna anamujambula. Zinali zisanu ndi ziwiri, chilichonse Mehnaz atavala zosiyana. M'chimodzi anakhala moyandikana ndi bambo wina amene anamangidwa manja ndi nsalu. M'china ankatsika masitepe maso atafiira, mpango utaphimba pakamwa.

“Amayi ako anatuma munthu amene ali ndi mwana wamkazi wosakwatiwa m'nyumba kuti akafufuze mwana wamkazi wa munthu wina,” anatero Mehnaz pobweza foniyo. “Amayembekezera kuti abwerako ndi chiyani, maluwa?”

“Ndi mchimwene wawo. Akanatuma ndani?”

“Iwe wawauza chiyani?”

“Zoona zake. Kuti ndi za sukulu. Umangopita, mumwe tiyi ndi mayi uja, asaine papepala, basi.”

“Anakuuza ndani kuti timamwa tiyi?”

“Nanga mumatani ola lonse?”

Sitima ya katundu inadutsa, yaitali, ndipo Mehnaz anaithokoza mumtima. Itatha, Zubayer anali akumuyang'anabe.

“Mehnaz, Loweruka abwera ndithu. Ndalimbana nawo mpaka avomera. Iwe ungonena zomwe ndanena ine. Ndi za sukulu, n'zongosaina. Ubweretse pepala lija aone chidindo. Amayi anga chidindo amachiopa kuposa njoka.”

“Chithunzi cha maso ofiira chija unachiona?”

“Ndawauza kuti ndi fumbi la mumsewu.”

“Ndiwe wochenjera, bwana wa njanji.”

“Ndine wotopa. Miyezi itatu ndakhala ndikumwa tiyi wozizira pansi pa chikwangwani cha amisala. Ndikufuna ndizimwera kunyumba.”

Mehnaz anaseka pang'ono, koma mtedza sanaukhudze.

* * *

Kunyumba anapeza amayi ake, Mayi Jahanara, atakhala pansi m'khitchini akudula mango aawisi pampeni wopondera ndi phazi. Nkhani inali itawafika kale. M'dera lawo nkhani yotere sinkafunika mthenga.

“Ine ndinkati ukupita ku kalasi,” anatero osadzutsa mutu.

“Ndi kalasi yomweyo, amayi.”

“Kalasi yolira? Khala pansi. Mayi ameneyo umamuuza chiyani?”

Mehnaz anakhala, n'kuyang'ana kukhonde kumene bambo ake ankawerenga nyuzi ya dzulo. Anatsitsa mawu.

“Za Shapla.”

Mpeni unaima.

Shapla anali mkulu wake. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi analephera masamu pamayeso a boma, ndipo tsiku limene zotsatira zinatuluka, bambo awo anamukalipira pamaso pa anthu a pamsewu wonse. Masana ake Mehnaz, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anamumva akulira m'chipinda n'kugogoda. Shapla anamuuza kuti apite akasewere, iye anapitadi. Shapla sanatulukemo wamoyo m'chipindamo. Banjalo linauza anthu kuti anali matenda a tayifodi, linasamuka m'tauni yawo yakale chaka chisanathe, ndipo kuyambira pamenepo dzinalo silinkatchulidwa m'nyumba. Bambo anasiya kukalipa. Anasiyanso kulankhula zambiri.

“Zapanyumba pano wakazitula kwa mlendo,” anatero amayiwo.

“Mlendoyo salankhula. Akaulula, ntchito yake yatha.”

“Zubayer akudziwa?”

“Ayi.”

“Asadziwe. Ukumva? Akangomva anthu aja, sanena kuti mwana anachita manyazi ndi masamu. Anena kuti zili m'magazi. Anena kuti udzabereka otero.” Anapukuta manja pa sari yawo. “Mwana mmodzi ndinataya. Wachiwiri asakalambire m'nyumba muno chifukwa cha woyambayo.”

“Amayi, sukulu ya Shapla ikanakhala ndi munthu mmodzi yekha wa chitseko chotsegula…”

“Ndikudziwa chimene unasankhira maphunziro amenewa. Umayesa ndine mbuli? Koma chiphaso sichikufunditsa ukadwala. Loweruka uvale sari yobiriwira ija, ndipo uyankhe zimene wafunsidwa zokha.”

* * *

Loweruka alendo anafika ndi mabokosi atatu a maswiti a mkaka. Panali Mayi Hosne Ara, mayi ake a Zubayer, wamfupi wa maso osaphethira, mchimwene wawo a Mokbul, ndevu zopakidwa utoto wofiira wa hina, Zubayer mwini, ndi Lubna, mwana wa a Mokbul, amene palibe anamuitana koma anati wabwera kudzanyamulira azakhali ake chikwama.

Mehnaz analowa ndi thireyi ya tiyi, mutu ataphimba, n'kupereka salamu. Mayi Hosne Ara anamuuza kuti ayende mpaka pachitseko n'kubwerera, ndipo anayenda. Anamugwira zikhatho n'kuzitembenuza. Anamuuza kuti anene pamtima ndime ya m'buku loyera, ndipo ananena osaphonya. Anamufunsa kaphikidwe ka nsomba ya ilishi ndi mpiru, anayankha. Kachikwama kofiira ka mphete kanali pamiyendo pa mayiwo, aliyense akukaona.

“Mwanayu alibe chilema choonekera,” anatero a Mokbul akutafuna switi. “Koma mlongo wanga, pali kankhani kaja.”

Mehnaz anatenga pepala lija pakabati n'kulipereka ndi manja awiri. A Mokbul anavala magalasi n'kuliwerenga pang'onopang'ono ngati chigamulo cha khothi.

“Chidindo chilipo, sindikukana. Koma apa palembedwa dzina la mlangizi, ndipo apa palembedwa dzina la wolandira thandizo. Dzina lako lili pati, mwanawe?”

“Pa wolandira thandizo, amalume.”

“Ehe. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma wophunzira udokotala samuthyola mwendo kuti adziwe kumanga bandeji.”

Lubna anabisa pakamwa ndi mpango.

“Amalume, n'zongokwaniritsa lamulo,” anatero Zubayer mofulumira. “Onse a m'kalasi mwawo amapita. Amangocheza, mayiyo n'kusaina.”

“Sindinafunse iwe,” anatero Mayi Hosne Ara. Anatembenukira kwa Mehnaz, ndipo mawu awo sanali aukali. “Mwana wanga, ine ndakhala ndi amuna anga zaka makumi atatu, koma sindinalankhulepo nawo ola lathunthu. Munthu wabwinobwino alibe mawu a ola lonse ouza mlendo sabata ndi sabata. Ndiuze ndi pakamwa pako. N'zongosaina?”

Mayi Jahanara anayang'ana pansi. Zubayer anagwedeza mutu pang'ono, kumulimbikitsa. Mawu ofunika anali amodzi okha, ndipo mphete inali pafupi moti akanatha kuifikira ndi dzanja.

“Ayi, amayi,” anatero Mehnaz. “Ndimalankhula ola lonse. Masiku ena ndimalira. Sindidwala, mankhwala sindimwa, koma tiyi sitimwa.”

Mayi Hosne Ara anamuyang'ana osaphethira.

“Umalira chiyani?”

“Zimenezo zimatsala m'chipinda muja. Mwana wasukulu akadzandiuza zake, nazonso zizidzatsala m'chipinda changa. Ntchito yake ndi imeneyo.”

“M'nyumba mwanga mulibe chipinda chimene ine sindilowamo,” anatero mayiwo. Kenako anapitiriza. “Komabe ndakuona, ndipo sunandiname. Tichite chonchi. Masitepe aja usakakwerenso. Anthu aiwale. Mwezi ukatha ndibwera ndi mpheteyi, ndipo sindidzafunsanso.”

“Ndatsala ndi maulendo asanu ndi umodzi. Ndikasiya, chiphaso chapita mpaka chaka chamawa, ndipo chaka chamawa lamulo lidzakhala lomweli.”

“Chiphaso n'chachiyani? Mwana wanga ali pantchito ya boma.”

“Achemwali, madigiri awiri sakukwanirani?” analowerera Lubna mwaulemu wonyenga. “Enafe tilibe n'imodzi yomwe, koma timagona tulo.”

“Ugonadi,” anayankha Mehnaz. “Kujambula anthu odwala ali pabenchi n'kotopetsa.”

“Basi,” anatero Mayi Hosne Ara. Anatenga kachikwama kofiira n'kukalowetsa m'chikwama chachikulu. “Lachiwiri ndidzamva yankho lako. Sindifunika kubwera, maso ndili nawo kumeneko.”

Potuluka, Zubayer sanamuyang'ane. Alendo atapita, bambo ake a Mehnaz, amene sanatulutse mawu tsiku lonse, anasonkhanitsa makapu okha n'kupita nawo kukhitchini, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire.

* * *

Lamulungu lonse foni inali zii. Lolemba m'mawa kunabwera uthenga wa Lubna.

“Achemwali pepani ngati ndinakulakwirani. Ine ndinangonena zimene ndinaona. Achimwene anga a Zubayer adya kwathu dzulo, koma akuoneka owonda. Ndikuwasamalira, musadandaule.”

Mehnaz anauwerenga kawiri n'kuufufuta. Masana unabwera wa Zubayer.

“Mawu amodzi okha, Mehnaz. Ndinakupempha mawu amodzi.”

“Ukanakwatira mkazi womwa tiyi amene kulibe,” anayankha.

“Tsono ndikwatire ndani? Amene alipoyo sindikumudziwa.”

Pamenepo mnyamatayo sananame. Zaka ziwiri ankadziwa kukula kwa nsapato zake, ankadziwa kuti sadya biringanya, ankadziwa mayina a aphunzitsi ake onse, koma ankakhulupirira kuti Mehnaz anabadwa yekha kwa amayi ake.

Amayi ake sanamukalipire. Anangosiya kumufunsa ngati wadya, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kukalipa.

* * *

Lachiwiri anatsika rikisho nthawi itatsala pang'ono kukwana 3 koloko. Kunja kunkatentha moti phula linkamata nsapato. Zubayer anali ataima pansi pa masitepe, manja m'thumba, wosameta ndevu.

“Ndabwera kudzakubweza,” anatero. “Chaka chimodzi chokha, Mehnaz. Tikakwatirana ndidzakubweretsa ndekha, kwa mlangizi wina, kutali. Amayi sadzadziwa.”

“Ndiye ndidzayambe kubisala m'nyumba mwako ngati mmene ndabisalira m'nyumba mwathu?”

“Ukubisa chiyani? Ndiuze. Ngati panali mwamuna wina ine ndisanabwere, nena, ndipirira.”

Mehnaz anatsala pang'ono kuseka. Amuna akaganiza za chinsinsi cha mkazi, nzeru zawo zimathera pa mwamuna mnzawo.

“Ndinali ndi mkulu wanga. Dzina lake Shapla.”

Anamuuza ali chiimire, anthu akuwadutsa ndi mabotolo a mankhwala. Sanakometse chilichonse. Ananena za masamu, za kukalipa kwa bambo, za chitseko, za mmene iye anapitira kukasewera atauzidwa kutero. Ananena za tayifodi amene kunalibe. Sanalire, pakuti misozi ya nkhaniyi anali ataikhetsa kale m'chipinda cha m'mwamba muja.

“Zaka khumi ndi zinayi palibe amene anandilola kutchula dzina lake. Ulendo woyamba ndinabwera kuno kudzafuna siginecha, monga unanenera. Ulendo wachitatu ndi pamene ndinazindikira chimene aphunzitsi aja anaikira lamuloli. Mwana wolephera mayeso akanakhala patsogolo panga, ndikanaona Shapla, osati iyeyo. Ndikanamuopa.” Anakonza mpango wake. “Amayi anga anandiletsa kukuuza. Akuti kwanu anena kuti zili m'magazi.”



“Anenadi,” anatero Zubayer.

“Nanga iwe?”

“Ine ndikuganiza za kamwana kaja kanapita kukasewera.”

Mehnaz anayamba kukwera, ndipo atafika sitepe yachisanu anamva mapazi kumbuyo kwake. Zubayer ankakwera naye, poyera, kudutsa pagalasi pamene Lubna anali ataimirira foni ili kukhutu. Pamwamba anakhala pabenchi, pakati pa Mehnaz ndi mayi wina amene ankalankhula yekha.

“Benchi lolimba bwanji,” anatero Zubayer. “Amisala salipira msonkho kodi?”

“Tsitsa mawu. Ndi odwala.”

“Pepani, adokotala.”

Sanathe ndi mphindi zisanu foni yake inalira kamodzi. Anawerenga, nkhope yake inasintha, ndipo anafuna kuibweza m'thumba. Mehnaz anatambasula dzanja. Uthengawo unali wochokera kwa amayi ake a Zubayer, wolembedwa ndi munthu wodziwa kulemba mofulumira kuposa iwo.

“Ndamva kuti wakwera naye. Yankho lake ndalilandira. Lachisanu tikachoka kumapemphero tikupita kwa amalume ako, mphete ndikamuveka Lubna. Bambo ako avomera. Ukatsika pompano n'kubwera kunyumba, tikambirana ngati mayi ndi mwana. Ukakhala pamenepo, Lachisanu ndipita ndekha, ndipo udzasankhe wekha nyumba yolowa.”

Mehnaz anabweza foniyo. Isanafike m'manja mwa mwini wake inayamba kuitana, dzina la amayi ake lili pagalasi.

Chitseko cha pambali chinatseguka. Mayi Shahana anasuzumira, magalasi ali pamphuno.

“Mehnaz, nthawi yakwana.”

“Ndiwayankhe chiyani?” anafunsa Zubayer.

“Sindikuuza choyankha. Iwe unandiuza choyankha Loweruka, waona mmene zinathera.” Anaimirira n'kukoleka chikwama paphewa. “Ndi ola limodzi. Ndikatuluka ndidzayang'ana pabenchi pano.”

Analowa. Mayi Shahana anatseka chitseko, chimene anachipanga chochindikala dala kuti a panja asamve za m'kati. Mehnaz anakhala pampando wake wa masiku onse n'kutchera khutu, koma chitsekocho chinkagwira ntchito yake mbali zonse ziwiri. Sanamve ngati foni ija yasiya yokha kapena yayankhidwa.

“Lero tiyambira pati?” anafunsa Mayi Shahana.